Kusunga chiyero ku Joni: zoyenera kukonzeratu mayesero asanagogode

Kumudzi munthu amasungidwa ndi maso a anthu. Ukangokhotera kumowa, nkhani imafika kwa amayi ako iwe usanafike pakhomo. Ukajomba kutchalitchi masabata awiri, akulu a mpingo atulukira, Baibulo lili m'khwapa. Ambirife tinkadziyesa olimba m'chikhulupiriro pamene tinali otchingidwa chabe. Tsiku limene basi inatitsitsa pa Park Station, mpanda uja unali utatsala kutsidya kwa Beitbridge. Kuno ungasinthe dzina, unganene kuti sunakwatire, ungagone kumene wafuna, wokufunsa palibe.

Ine ndinafika mu 2007. Ndinayamba ndi maganyu osamalira maluwa cha ku Randburg, lero ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu, ndipo Lamulungu ndimatumikira monga mkulu wa mpingo pakati pa Amalawi anzanga. Ndaona anyamata amene ankatsogolera kwaya kwathu akutha ngati makatani. Ndaonanso amayi ogwira ntchito za m'nyumba, olandira zochepa, ataima nji zaka 15 osagwedezeka. Amene anaimawo sankaposa anzawo kukweza mawu popemphera. Anali atakonzeratu chochita mayesero asanafike, ndipo zambiri zimene ndalemba pano ndinaphunzira kwa iwowo.

Ndinene msanga, abale ndi alongo, kuti palibe chimodzi mwa izi chogulira chipulumutso. Pa Tito 2:11-12 chisomo ndicho chimayamba kuonekera, kenaka chisomo chomwecho n'kumatiphunzitsa kukana zoipa. Tikudziletsa chifukwa tinalandiridwa kale.

Choyamba, tsimikizani mumtima mukadali pamtendere

Danieli anali mlendo ngati ife. Anamutengera ku Babulo ali mnyamata, anamutcha dzina lina, anamuphunzitsa chiyankhulo china, ndipo zonsezo anazilola. Koma pa Danieli 1:8 timamva kuti anatsimikiza mumtima mwake kuti sadzidetsa ndi chakudya cha mfumu. Sanadikire fungo la nyama limufike m'mphuno kuti ayambe kuganiza. Njala ikamaluma munthu saganiza bwino, n'chimodzimodzi pamene wasungulumwa kapena lendi yakwana m'thumba muli gwa.

Ndiye tsiku lanu lopuma, khalani pansi ndi cholembera. Lembani zinthu zitatu kapena zinayi zimene simudzachita mumzinda uno, zivute zitani. Musalembe kuti "ndidzakhala woyera", mawu amenewo ndi otakata kwambiri, alibe pogwira. Lembani zooneka ndi maso. Sindilowa m'shabini ngakhale kukangoonera mpira. Sinditenga kanthu kuntchito osapempha, ngakhale sopo wotsala. Sindibisa kuti ndili pabanja. Sindikongola kwa akatapila. Aliyense amadziwa pamene nsapato yake imathina. Wina vuto lake ndi botolo, wina ndi mkwiyo, wina ndi foni usiku. Lembani zanu, osati za mnzanu.

Zikhale zochepa dala. Munthu akadziikira malamulo 20 amathyola limodzi sabata yoyamba, kenaka n'kutaya onse poganiza kuti zakanika. Pepalalo liikeni m'Baibulo kapena kuseri kwa chikuto cha foni, ndipo muwerengereko munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Za munthu ameneyu tikambanso kutsogoloku.

Chachiwiri, pemphero likhale ndi ola lake

Joni amadya nthawi. Wokhala ku Diepsloot, Tembisa kapena Orange Farm n'kumagwira ntchito ku Sandton amadzuka 4 koloko m'bandakucha, kuima pamzere wa takisi, kusinthanso ina pa Bree kapena pa Noord, n'kubwerera kutada thupi lili lefu. Mukati mupemphera mukapeza mpata, mpatawo sudzabwera. Danieli yemwe uja, ali nduna yaikulu, ankagwada katatu pa tsiku, ndipo lamulo loletsa kupemphera litasainidwa anangopitiriza zimene ankachita kale, monga tiwerenga pa Danieli 6:10. Chizolowezi chinalipo dzenje la mikango lisanatchulidwe.

Njira yosavuta ndi kumangirira pemphero ku chinthu chimene simuphonya. Madzi osamba akamatentha muli ndi mphindi 10. Tcherani alamu mphindi 15 nthawi yodzukira isanakwane, mukhale tsonga, mapazi pansi, chifukwa pemphero la m'bulangete limathera m'tulo. Ndipo lamulo ili ndalisunga zaka zambiri: WhatsApp isatsegulidwe Baibulo lisanatsegulidwe. Uthenga woyamba wa m'mawa kawirikawiri ndi pempho la ndalama kapena nkhani ya matenda, ndipo mtima ukavunduka 4 koloko sudekhanso mpaka madzulo. Ngati mumawerengera Baibulo pafoni, yambani mwathimitsa data.

Muwerenge chiyani? Yambani ndi Marko, ali ndi mitu 16 yokha, mutu umodzi pa tsiku. Mukamaliza pitani ku 1 Petro, kalata ya mitu 5 yolembera anthu obalalika m'maiko achilendo. Mudzamva ngati anakulemberani inuyo. Miyambo ili ndi mitu 31, mungamawerenge mutu wolingana ndi tsiku la mwezi. Werengani m'Chichewa. Chingerezi ndi Chizulu n'zogwirira ntchito, koma mawu odzudzula mtima amalowa bwino m'chiyankhulo chimene amayi anu ankakulangizirani. Tolanipo vesi limodzi, muzilibwereza mumtima muli pamzere wa takisi.

Ndikudziwa kuti ambiri timagona anthu anayi m'chipinda chogawa ndi katani ku Hillbrow, Yeoville kapena Rosettenville. Ambuye anati tilowe m'chipinda ndi kutseka chitseko, pa Mateyu 6:6. Ngati mulibe chitseko choti mutseke, chipinda chanu chikhale mpando wa m'takisi kapena kuseri kwa nyumba ya abwana pa nthawi ya nkhomaliro. Koma musadzutse ndi mapemphero okuwa mnzanu amene wachezera kulondera usiku wonse. Kumuganizira iyeyo n'chiyero chomwe.

Miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo imayesa chizolowezi ichi, pamene udzu umadzuka uli mbuu ndi chisanu. Mukapirira nyengo yozizira imodzi, chakhazikika. Ndipo poti tatchula kuzizira, chonde musagone mbaula ikuyaka m'mkhukhu wotseka. Utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Kusala kudya n'kwabwino, kumaphunzitsa thupi kumva kuti "ayi". Yambani ndi chakudya chimodzi pa sabata, osalengeza. Amene mukumwa ma ARV, odwala shuga, amayi oyembekezera ndi inu okwera pamwamba pomanga nyumba, salani zina monga Facebook ndi mpira, chakudya ndi mankhwala musasiye.

Chachitatu, konzani tsiku la malipiro ndalama isanalowe

Apa ndi pamene ambiri timagwera, ndiye ndichedwapo.

Kutatsala masiku awiri kuti mulandire, lembani kumene randi iliyonse ipite: chopereka chimene mwatsimikiza mumtima, lendi, ya takisi ya mwezi wonse, chakudya, ya kumudzi, ya bungwe la maliro, ndi yosunga ngakhale ikhale R100. Ndalama ikangolowa tsatani pepalalo tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ya kumudzi tumizani masana, kaya ndi pa Mukuru kaya njira ina imene mumadalira. Ikagona m'thumba Lachisanu usiku, Lolemba imakhala itachepa. Paulo sananyengerere pa 1 Timoteo 5:8: wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro.

Komabe kusamalira abale sikutanthauza kuvomera pempho lililonse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafoni ochokera kwathu achuluka, ndipo ambiri oimbawo akuvutikadi. Gwirizanani ndi akazi anu, amuna anu kapena makolo za ndalama yokhazikika ya pamwezi, ndipo china chikabwera chimene simungathe, nenani chilungamo kuti mulibe. Manyazi onena kuti "ndilibe" ndiwo amapititsa anthu kwa mashonisa, akatapila a kuno, amene ena mwa iwo amasunga khadi ya ku banki kapena pasipoti ngati chikole, zomwe malamulo a dziko lino amaletsa. Miyambo 22:7 imanena kuti wokongola amasanduka kapolo wa womukongoza, ndipo ndaona amuna akuluakulu akusamuka usiku kuthawa ngongole imene inayamba ndi R500. Lowani chipereganyu ndi anthu a mumpingo amene mumadziwa pamene amagona.

Palinso bodza lina limene sitiliwerengera ngati bodza: kujambulitsa mutatsamira galimoto ya abwana n'kuika pa Facebook. Akumudzi akaona amati zikuyenda, mapempho n'kuwirikiza, inu n'kuyamba kukongola kuti musunge chithunzi chija. Lolani abale adziwe moyo weniweni umene mukukhala.

Kubetcha mpira pafoni kwadya mabanja mwakachetechete kuposa mowa, chifukwa sikununkha. Kumayamba ndi R10. Ngati kwakugwirani, musanene kuti muchepetsa. Chotsani pulogalamuyo m'foni lero, tulukani m'magulu otumizirana manambala, ndipo kwa miyezi itatu ndalama yosunga izikhala ndi munthu wina wokhulupirika.

Kuntchito, kumbukirani kuti dzina loti Amalawi ndi okhulupirika sitinalipange ndife. Tinalipeza, ndipo ndi limene limatilembetsa ntchito m'nyumba za anthu osatidziwa n'kutipatsa makiyi. Mmodzi akaba foni ya madamu, chitseko chimatsekekera anthu 10 amene akubwera m'mbuyo. Chenji bwezani yonse. Mukaswa mbale nenani nokha asanafunse. Akolose 3:23 amatiuza kugwira ntchito ndi mtima wonse monga tikugwirira Ambuye, ndipo zimenezi zimayesedwa pamene abwana apita ku Durban kutchuthi, nyumba yonse ili m'manja mwanu.

Chachinayi, thupi lanu ndi banja lanu

Tisanamizane, kusungulumwa kwa kuno n'koopsa. Munthu amatha zaka ziwiri osaona mkazi wake. Ndiponso lendi yodula imakwatitsa anthu amene sanaganizepo zokwatirana: zimayamba ndi "tigawane lendi", mwezi wachitatu katani lachotsedwa, chaka chikamatha pali mwana, kumudzi ndalama yayamba kufika modumphadumpha. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Werengani Genesis 39 mofatsa. Yosefe anali wantchito wa m'nyumba m'dziko la eni, kutali ndi bambo ake, wopanda womuona. Mkazi wa Potifara sanamuyese kamodzi, ankamukakamiza tsiku ndi tsiku, ndipo vesi 10 ikuonetsa kuti Yosefe ankakana ngakhale kukhala naye pafupi. Tsiku limene anamugwira malaya, sanaime kuti akambirane, anathawa kusiya malayawo. Pa tchimo ili Malemba satiuza kulimbana, amatiuza kuthawa, monga pa 1 Akorinto 6:18. Muonenso kuti kukana kwakeko kunamulowetsa m'ndende. Nthawi zina chiyero chimayamba chakuluzitsani ntchito kapena malo ogona, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi.

Zochita zake ndi izi. Pamalo atsopano paliponse, tchulani banja lanu tsiku loyamba. Chithunzi cha ana chikhale pankhope ya foni. Ikani masiku okhazikika oimbirana ndi akunyumba, kuonana nkhope pafoni, ndipo muzikamba zambiri osati za ndalama zokha. Funsani za kumunda, za kusukulu, pempherani limodzi musanadule. Yambani kusunga ya basi ya Disembala mwezi wa Febuluwale. Ulendo wodzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza kapena pa Dedza ndi wautali ndi wotopetsa, koma banja losaonana limazizira. Nambala imene mukudziwa kuti ikukukokerani kuphompho ifufuteni, osaisunga ndi dzina lonamizira. Foni isagone pamtsamiro. Loweruka usiku ndi Lamulungu masana ndiwo maola oopsa kwa munthu wokhala yekha, choncho akonzereni chochita: kwaya, mlaga, kukaona wodwala, kuphika nsima ndi abale.

Alongo anga, inu mayesero anu kawirikawiri amabwera atavala chifundo. Wina akulonjezani ntchito, wina mapepala, mwini nyumba akuti lendi ya mwezi uno musadandaule. Funsani mumtima kuti adzafuna kulipidwa ndi chiyani. Ndipo ngati wina anakugwirirani kapena akukumenyani, tchimo ndi lake, si lanu. Uzani amayi a Mvano kapena a Chigwirizano amene mumawakhulupirira, ndipo nambala yaulere ya boma yothandiza ochitiridwa nkhanza ndi 0800 428 428.

Amene muli kale ndi banja lachiwiri kuno, musathetse nkhaniyi posowa usiku. Ana amene anabadwawo ndi anu, ayenera kudya. Pitani kwa abusa, nenani zonse, ankhoswe adziwe, ndipo kayezetseni magazi musanabwerere kwa mnzanu wa kumudzi.

Chachisanu, pezani mpingo, ndipo mumpingomo pezani munthu mmodzi

Mwezi woyamba usathe musanapeze kopemphera. Mipingo ya Amalawi ilipo yambiri, ina imachita lendi maholo, ina makalasi a sukulu. Amene mumagwira ntchito Lamulungu, funani mlaga kapena mphakati wa mkati mwa sabata. Ahebri 10:25 amaletsa kuleka kusonkhana, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Koma sankhani ndi maso. Mzinda uno uli ndi anthu amene aona kuti mlendo wosowa ntchito ndi mapepala angagule chilichonse chotchedwa chozizwitsa. Zinafika poti bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo, CRL Rights Commission, linachita kafukufuku n'kutulutsa lipoti mu 2017 la kusandutsa chipembedzo malonda, anthu atadyetsedwa udzu ndi kupoperedwa mankhwala ophera tizilombo m'dzina la Mulungu. Mukafika pampingo dzifunseni: kodi Baibulo limatsegulidwa n'kufotokozedwa, kapena vesi ndi chiyambi chabe cha zopereka? Kodi ndalama zimawerengedwa poyera? Kodi mtsogoleri ali ndi omudzudzula? Wina akagonekedwa m'chipatala, amapita kukamuona? Kumene akukulipiritsani kuti muonane ndi munthu wa Mulungu, kapena akukuuzani kutaya mankhwala a kuchipatala, tulukani osacheuka. Petro anamuyankha mwaukali Simoni pa Machitidwe 8:20 pamene Simoniyo anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama.

Tsopano munthu mmodzi uja. Akhale mwamuna ngati ndinu mwamuna, mayi ngati ndinu mayi, wosunga chinsinsi, wosakuopani. Mupatseni chilolezo chokufunsani sabata iliyonse mafunso atatu: wapemphera? ndalama yayenda bwanji? pali chimene ukundibisira? Maso a kumudzi aja mwawasiya, awa ndi maso amene mukudzisankhira nokha.

Chachisanu ndi chimodzi, mavuto akafika

Adzafika ndithu. Yakobo 1:2-4 sakunena kuti mwina, akunena za pamene tigwa m'mayesero a mitundumitundu. Ndikamba za atatu amene ndawaona kawirikawiri.

Ntchito ikatha mwadzidzidzi kapena akakumanani malipiro, tsiku loyamba musachite kanthu muli ndi mkwiyo. Musatukwane, musaopseze, musatenge katundu wa abwana ponena kuti mukudzilipira nokha. Pempherani, gonani, m'mawa lembani masiku amene munagwira, ndalama imene munapangana, ndipo sungani mauthenga onse a pafoni. Kenaka funani chilungamo mwa njira yake. Ena amaganiza kuti Mkhristu ayenera kungoti zii. Paulo atakwapulidwa ku Filipi popanda mlandu anakana kutulutsidwa mobisa, anati akuluakuluwo abwere okha, pa Machitidwe 16:37, ndipo Yakobo 5:4 akuti malipiro omanidwa amafuula mpaka kwa Ambuye. Nkhani za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo zimapita ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana awo, pasanathe masiku 30, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere. Khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwabe ngati wantchito. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anakwera kufika R28,79 pa ola pa 1 Malichi 2025, amaunikidwanso chaka ndi chaka, ndipo akukhudza ogwira ntchito za m'nyumba ndi m'minda omwe. Pamene mukudikira, musanyoze ganyu iliyonse yoyera, ndipo uzani mpingo msanga njala isanakukankhireni kwa mashonisa.

Pa za mapepala sindiweruza munthu, ndikudziwa umphawi umene unatichotsa kwathu. Koma chowonadi n'chakuti pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 polowa, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 pamwamba pake angaletsedwe kulowanso kwa zaka 5. Musagule chidindo kapena chiphaso chachinyengo, kumeneko n'kuwonjezera bodza pa vuto, ndipo ndi mlandu waukulu. Funsani uphungu kwa odziwa malamulo monga a Lawyers for Human Rights ku Braamfontein. M'bale akatengedwa kupita ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasunga alendo odikira kubwezedwa kwawo, mpingo usamuiwale. Ahebri 13:3 amati tikumbukire am'ndende ngati tamangidwa nawo limodzi.

Vuto lachiwiri ndi chidani. Ndinali ndi chaka chimodzi kuno pamene zipolowe za Meyi 2008 zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 n'kuphedwa. Zinabweranso mu Epulo 2015, boma lathu mpaka kutumiza mabasi, ndiponso mu Seputembala 2019 cha ku Jeppestown ndi Malvern. Mphekesera zikayamba, kuchenjera si kuchepa kwa chikhulupiriro. Pasipoti, makadi a kuchipatala ndi mankhwala zikhale m'chikwama chimodzi chosavuta kunyamula, gwirizanani ndi abale za kokakumana, musatumize mavidiyo oopseza amene simukudziwa kumene achokera, ndipo katundu musamufere. Yosefe, mwamuna wa Mariya, anathawitsa mwana Yesu kupita ku Igupto usiku.

Chovuta koposa chimabwera zipolowe zitatha: mtima umafuna kudana ndi mtundu wonse. Ine zinanditengera nthawi yaitali kuti ndileke kunjenjemera ndi mkwiyo ndikamva mawu onyozera alendo oti kwerekwere. Chinandithandiza ndi kukumbukira kuti amene anatsegula zitseko m'masiku aja analinso eni dziko. Tchalitchi cha Central Methodist pa Pritchard Street chinagoneka alendo ochuluka kwa zaka zambiri, ndipo mayi wina wachikulire woyandikana nafe anatibisa m'nyumba mwake masiku atatu. Yeremiya 29:7 analamula akapolo a ku Babulo kufunira mtendere mzinda umene anatengedwerako ndi kuupempherera. Yesani kuchita zimenezo ndi dzina: tchulani msewu wanu, woyendetsa takisi wanu, ana a mwini nyumba. Phunzirani kupereka moni m'Chizulu ndi m'Chisutu. Wina akakunyozani pamzere, musabweze. Kubwezera n'kwa Ambuye, atero Aroma 12:19.

Lachitatu ndi chisoni chimene chimafooketsa mafupa. Foni ya pakati pa usiku yoti amayi atisiya, inu mulibe ya basi. Kapena tsoka longa moto wa pa 31 Ogasiti 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu 76, Amalawi ali m'gulumo. Pa nthawi zotere musadzikakamize kuoneka olimba. Masalimo adzaza ndi kulira, ndipo Salimo 137 ndi la anthu amene anakanika kuimba m'dziko lachilendo. Itanani abale, khalani pansi monga timakhalira pasiwa, imbani nyimbo zakwathu ngakhale maliro ali kutali. Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo anayamba wamupatsa chakudya ndi kumulola agone, mawu anabwera pambuyo. Inunso idyani, gonani, musakhale nokha. Maganizo odzipha akakufikirani uzani munthu tsiku lomwelo, ndipo a SADAG, bungwe lothandiza ovutika maganizo, amayankha pa 0800 567 567. Kupita kuchipatala kapena kwa aphungu sikutsutsana ndi pemphero.

Mukagwa

Agogo athu ankabwera kuno kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, kudzakumba golide, mpaka Kamuzu anaimitsa ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Kuyambira masiku amenewo tili ndi dzina la amene sanabwerere: matchona. Ndacheza ndi madala angapo otere, ndipo palibe amene ananyamuka kwawo ndi cholinga chotchona. Analakwa kamodzi, anachita manyazi kulemba kalata, mwezi unakhala chaka, chaka chinakhala zaka 30. Kwa Mulungu munthu amatchonanso mwa njira yomweyo.

Choncho mukathyola chimodzi mwa zimene munalemba papepala paja, musadikire kuti muyambe mwakonzeka. Tsiku lomwelo gwadani, tchulani tchimolo ndi dzina lake, osalizungulira. 1 Yohane 1:9 akulonjeza chikhululukiro ndi kusambitsidwa kwa wovomereza. Pasanathe masiku awiri muuzeni mnzanu uja. Chimene chingabwezedwe bwezani, kaya ndi ndalama kaya ndi katundu. Kenaka yang'anani pamene panaboola: linali ola lanji, munali ndi yani, munali ndi njala, mkwiyo kapena ndalama m'thumba? Tsekani pamenepo, ndipo m'mawa mwake alamu ija ilire pa nthawi yake yomweija.

Ngati patha miyezi osaimba kunyumba, imbani sabata ino ngakhale mulibe chotumiza, munene kuti muli moyo ndipo mwalakwa. Ngati patha chaka osaponda kutchalitchi, bwerani Lamulungu likudzali, mukhale kumbuyo ngati mukuchita manyazi, koma mapemphero akatha musathawe, dikirani mupereke moni kwa mkulu wa mpingo mmodzi ndi kumupatsa nambala yanu. Ya takisi ikasowa, muuzeni mnzanu uja Loweruka madzulo kuti mukumane pa renki.